Zaka Zinayi ndi Masiku Atatu a Matthias Mulumba

Chaka ndi chaka pa 3 Juni timakumbukira Amaritiri a ku Uganda. Maganizo athu amathamangira ku Namugongo, ku moto umene unanyeketsa Charles Lwanga ndi anzake, ndiponso kwa kamnyamata Kizito, amene ana athu ambiri anatenga dzina lake pa ubatizo. Koma pakati pa oyera 22 aja pali bambo wina wachikulire, mwini banja, munthu wa chuma ndi udindo, amene mbiri yake itikhudza kwambiri ife makolo. Dzina lake ndiye Matthias Kalemba, ndipo ambiri amamdziwa ndi dzina la udindo wake lakuti Mulumba.

Kalemba anabadwira ku Busoga. Akali mwana anagwidwa pa nkhondo natengedwa ukapolo kunka ku Buganda, kumene munthu wina dzina lake Magatto anamlera ngati mwana wake. Atakula anaonetsa nzeru ndi kukhulupirika, kotero kuti anakhala nduna ya Mukwenda, mfumu yaikulu ya dera la Ssingo, namaweruza milandu ku Mityana. Monga mwa mwambo wa akuluakulu a masiku amenewo, anali ndi akazi ambiri ndi antchito ambiri. Mtima wake unali wofunafuna Mulungu, ndipo poyamba anatsata Chisilamu.

Mu 1879 Bambo Siméon Lourdel ndi Bulazala Amans, a chipani cha White Fathers, anafika kwa mfumu Mutesa. Chipani chomwechi ndicho chinadzafika kwathu kuno kwa Mponda mu 1889 ndi ku Mua mu 1902. Kalemba anapatsidwa ntchito yoyang'anira omanga nyumba za ansembewo. Pomanga paja anamva mau ao, naona makhalidwe ao, ndipo mu 1880 analembetsa kalasi. Anabatizidwa pa 28 Meyi 1882, nalandira dzina lakuti Matthias.

Kuyambira tsiku la ubatizo kufikira tsiku la imfa yake panapita zaka zinayi zokha. Tiyeni tione m'mene anazigwiritsira ntchito zaka zimenezi, pakuti m'menemo ndimo muli phunziro lathu.

Choyamba chimene anapereka kwa Mulungu ndi nyumba yake. Ku Buganda kuchuluka kwa akazi kunali chuma ndi ulemu wa mwamuna, popeza ndiwo ankalima minda ya nthochi ndi kuphikira alendo. Matthias anatsala ndi mkazi mmodzi yekha, ndipo enawo anawamasula atawakonzera pokhala. Anzake anamseka. Mfumu yotani yopanda oiphikira?

Chachiwiri ndi udindo wake. Woweruza milandu akanatha kulemera ndi ziphuphu, koma Matthias anazikana. Akapita kunkhondo polamulidwa ndi mfumu, sankalandira nao gawo la zofunkha, ngakhale kuti ankhondo ambiri ankapezera chuma momwemo. Nanga banja lake likanadya chiyani? Munthu wolemekezeka uja anayamba kuumba miphika ndi kufufuta zikopa ndi manja ake, ntchito zimene akulu anzake ankaziyesa zonyozeka.

Chachitatu ndi nthawi yake. Mu 1882 ansembe anachoka ku Buganda napita kummwera kwa nyanja ya Victoria, ndipo sanabwerere mpaka 1885. Akhristu anatsala opanda Misa, opanda masakramenti. Matthias anasandutsa nyumba yake ya ku Mityana malo opempherera ndi ophunzirira katekisimu, mothandizana ndi Luke Banabakintu ndi Noe Mawaggali, amenenso anadzafera chikhulupiriro. Mpingo wa ku Mityana, mtunda wa mamailosi oposa 40 kuchokera ku likulu, unakula popanda wansembe. Ife a m'miphakati tikudziwa kulemera kwa ntchito yotere.

Mutesa anamwalira mu 1884, ndipo mwana wake Mwanga analowa ufumu. Pa 15 Novembala 1885 Joseph Mukasa Balikuddembe anaphedwa, woyamba mwa amaritiri achikatolika. Mazunzo aakulu anabuka kumapeto kwa Meyi 1886. Nthawi imeneyo Matthias ndi Luke anali ku likulu, kumene ankagwira ntchito yomanganso nyumba za mfumu zimene zinapsa ndi moto. Anagwidwa naperekedwa kwa Katikkiro, nduna yaikulu ya dziko. Ndunayo inamnyoza Matthias chifukwa chochotsa akazi ake, ndi kumfunsa ngati tsopano ankadziphikira yekha. Taonani, chimene dziko linalephera kumkhululukira chinali moyo wake wa kunyumba.

Pa ulendo wonka ku Namugongo, atafika pa phiri la Old Kampala, Matthias anakana kupitirira, napempha kuti amphere pomwepo. Anamdula manja ndi miyendo, namanga mitsempha kuti magazi asathe msanga, ndi kumsiya yekha pa dzuwa. Anakhala moyo masiku atatu. Munthu wina wodutsa anamumva akupempha madzi, koma ataona zilonda zake anathawa ndi mantha. Matthias anamwalira pa 30 Meyi 1886, ali ndi zaka ngati 50. Papa Benedicto XV anamtchula wodala pamodzi ndi anzake mu 1920, ndipo Papa Paulo VI anawalemba m'gulu la oyera pa 18 Okutobala 1964.

Tikamva za masiku atatu aja timachita nthumanzi, nkumati mphamvu zotere ife tilibe. Zoonadi, mphamvuzo zinali chaulere cha Mulungu. Koma chaulerecho chinapeza mtima wolimidwa kale. Munthu amene anazolowera kukana chiphuphu chaching'ono pa bwalo la milandu, amene anapirira kusekedwa ali ndi dothi m'manja, anali ataphunzira kale kuika kufuna kwa Mulungu patsogolo pa kufuna kwake. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mtolo umene Matthias anapereka pa Old Kampala anautola nkhuni imodziimodzi kwa zaka zinayi ku Mityana.

Ambiri a ife sitidzaitanidwa kukhetsa magazi. Komabe zinthu zitatu zija tili nazo tonse: nyumba, udindo ndi nthawi. Bambo akalandira ndalama za fodya kapena malipiro a mwezi, mtima umamkokera ku mowa ndi ku chibwenzi chamseri, pamene ana akusowa fizi. Mai pa msika amayesedwa kuchepetsa muyeso. Kalaliki mu ofesi, mphunzitsi, nyakwawa pa mlandu wa malire a munda, aliyense amafika pamene dzanja lina limamkankhira kanthu mobisa. Ndipo belu la mphakati likalira madzulo, thupi limati tatopa. Pamenepo ndi pamene pali Mityana wathu.

M'mawa uliwonse timapereka tsiku lathu kwa Mulungu m'mapemphero, ndipo m'pemphero limene Ambuye Yezu anatiphunzitsa timapempha kuti kufuna kwa Atate kuchitike. Mau amenewa satenga nthawi kuwanena. Matthias Mulumba anawatsimikiza ndi nyumba yake, ndi bwalo lake la milandu, ndi miphika yake. Madzulo ano, tisanagone, banja lililonse lidzifunse: kodi m'nyumba muno chilipo chimene tikumkanizabe Mulungu? Tikachipeza, tiyambire pomwepo.

Matthias Mulumba woyera, mutipempherere ife makolo.