Nkhalamba ya Ndevu Zoyera: Inachokera ku Tchalitchi Kapena ku Sitolo?

M'dziko lonse la Malawi, malo amene afanana kwambiri ndi zithunzi za pa makadi a Khirisimasi ndi Chelinda, pamwamba pa phiri la Nyika m'boma la Rumphi. Malowa ali pa mtunda wa mamita pafupifupi 2,300, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye chisanu chimayera pa udzu m'mamawa. Nyumba za alendo n'zamatabwa ndipo zili ndi machumuni. Pali mitengo ya paini imene bungwe la Colonial Development Corporation linabzala kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950 pofuna kuyesa ngati ingathandize popanga mapepala, ngakhale kuti yambiri mwa iyo inadulidwa kale. Koma ikafika Disembala, mwezi weniweni wa Khirisimasi, chisanucho kulibe. Kumakhala mvula, nkhungu, msipu wobiriwira ndi maluwa a kutchire, ndipo m'malo mwa nyama zokoka chileyi pa chipale mumaona mbidzi, nchefu ndi achilembwe. Ngati pa Chelinda penipeni chithunzicho sichigwirizana ndi nyengo, nanga bwanji ku Nsanje? Nkhalamba yovala chikhoti chofiira imene timaitcha Father Christmas ndi mlendo ndithu, ndipo n'koyenera kumufunsa kumene achokera.

Mbiri yake iyambira ku Myra, mzinda umene lero uli m'dziko la Turkey. Kumeneko kunali episkopi wina dzina lake Nicholas, amene anakhala ndi moyo m'zaka za m'ma 300. Nkhani yotchuka ya munthuyu ndi ya bambo wina wosauka amene anali ndi ana aakazi atatu. Mwambo wa kumeneko unali wosiyana ndi wa Atumbuka a ku Rumphi, kumene mwamuna ndiye alowola: kwa iwo makolo a mkazi ndiwo ankapereka chuma kuti mwana wawo akwatiwe. Bamboyo analibe kanthu, ndipo anawo anali pafupi kugwa m'moyo wauhule. Akuti Nicholas anapita usiku naponya thumba la golide pa zenera, nachita chimodzimodzi katatu, mwakabisira kuti asadziwike. Tione bwino apa. Mphatsoyo sinali chidole ayi, chinali chiwombolo. Inapita kwa wosowa, ndipo mwini wake sanafune kutamandidwa.

Mpingo unapatula tsiku la 6 Disembala kukhala lokumbukira Nicholas Woyera. Mu 1087 amalinyero a ku Italy anatenga mafupa ake ku Myra napita nawo ku Bari, ndipo kuchokera pamenepo dzina lake linawanda mu Ulaya monse. Ana ankasiya nsapato zawo usiku wa pa 5 Disembala, m'mawa n'kupezamo zipatso ndi zonona. Wobweretsa mphatsoyo ankajambulidwa ngati episkopi, wovala chisoti chake chosongoka, ndodo ya ubusa ili m'manja.

Oyamba kulimbana naye sanali amalonda, koma akhristu anzake. Martin Luther ndi otsatira ake m'zaka za m'ma 1500 sanakondwere ndi kupembedzera oyera mtima, choncho anaphunzitsa ana kuti wopereka mphatso ndi Khristu Mwana, amene Ajeremani amamutcha Christkind, ndipo anasunthira tsiku la mphatso ku Khirisimasi. Ku Spain ana mpaka lero amayembekeza anzeru a kum'mawa pa 6 Januwale. Ku Scotland zinafika poipa: mu 1640 nyumba ya malamulo inathetsa tchuthi cha nyengoyi ponena kuti Baibulo silinachilamule, ndipo Khirisimasi sinakhalenso tchuthi cha boma mpaka 1958. Ku England anailetsa mu 1647, ndipo inabwereranso mu 1660. Father Christmas wa Angerezi a nthawi imeneyo sanali wa ana konse. Anali nkhalamba yoimira madyerero ndi zakumwa za akuluakulu.

Mfundo ya ku Scotland ija itikhudza ife. Dr Robert Laws ndi anzake, amene anayamba ntchito ku Cape Maclear mu 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka ku Khondowe m'mphepete mwa Nyika mu 1894, anachokera kudziko kumene tsiku la 25 Disembala anthu ankapita kuntchito monga masiku onse, chikondwerero chachikulu chili cha Chaka Chatsopano. Tsono wina akanena kuti amishoni a ku Livingstonia ndiwo anabwera ndi nkhalamba ya chikhoti chofiira, mbiri ya kwawo imutsutsa. Iwo anabwera ndi sukulu, chipatala, makina osindikizira mabuku ndi nkhani ya Mwana wobadwira m'khola.

Nkhalamba imene tiidziwa lero inaumbidwa ku America. Adatchi amene anamanga mzinda wa New Amsterdam, umene pambuyo pake unatchedwa New York, kwawo ankamutcha Nicholas kuti Sinterklaas, ndipo pakamwa pa olankhula Chingerezi dzinali linasanduka Santa Claus. Mu Disembala 1823 nyuzipepala ina ya mumzinda wa Troy inasindikiza ndakatulo yotchedwa A Visit from St. Nicholas, imene ambiri amati analemba ndi Clement Clarke Moore. M'menemo episkopi uja anavula chisoti nataya ndodo yake. Anasanduka kamunthu konenepa, kosekaseka, kokwera chileyi chokokedwa ndi nyama 8 zonga agwape, kolowera pa chumuni usiku wa pa 24 Disembala. Kuyambira mu 1863 wojambula wina, Thomas Nast, anamujambula chaka ndi chaka m'magazini ya Harper's Weekly, ndipo m'zithunzi zake Santa anapatsidwa mudzi kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi ndi nyumba yopangiramo zidole.

Apa m'pamene amalonda analowerera. Anthu ambiri amati kampani ya Coca-Cola ndiyo inamuveka zofiira, koma zimenezo si zoona kwenikweni, pakuti zithunzi za Santa wofiira zinalipo kale. Chimene kampaniyo inachita kuyambira mu 1931 ndi kulemba ntchito Haddon Sundblom kuti azimujambula ali ndi botolo m'manja, pofuna kuti anthu azimwa chakumwa chozizira ngakhale m'nyengo yachisanu. Sundblom anagwira ntchitoyi mpaka 1964, ndipo nkhope imodziyo inafika kulikonse kumene botololo linafika. Mu 1939 sitolo ya Montgomery Ward ku Chicago inapempha wantchito wake, Robert May, kuti alembe kabuku kopatsa ana a ogula. Iye anapeka Rudolph, nyama ya mphuno yofiira, ndipo chaka chomwecho timabuku toposa 2 miliyoni tinagawidwa. Nyama imene ana ambiri amayesa kuti ndi ya m'nthano za makolo inabadwira mu ofesi yotsatsa malonda.

Ampingo sanangokhala chete. Pa 23 Disembala 1951, mumzinda wa Dijon ku France, chifanizo cha nkhalambayi chinapachikidwa pa mpanda wa tchalitchi chachikulu n'kutenthedwa ana akuonerera, atsogoleri ena a mpingo atavomereza. Mlandu wake unali wakuti walanda malo a Khristu. Koma akuluakulu a mzindawo anamuukitsanso pabwalo la boma, ndipo ana anapita kukamulonjera. Ine ndiona kuti ansembe aja anali ndi mfundo, koma anaphonya mdani. Kusiyana kwa Nicholas wa ku Myra ndi Santa wa m'sitolo sikuli pa ndevu kapena pa mtundu wa chovala. Woyambayo ankafunafuna nyumba yosowa. Wachiwiriyu amati apatsa mwana wamakhalidwe abwino, chonsecho thumba lake limalemera pakhomo pa olemera. Mwana wa mlimi amene wakhala akupalira chimanga mwezi wonse angadzifunse kuti analakwa chiyani.

Kuno kwathu nkhalambayi inafika mochedwa, kudzera m'maphwando a ana a azungu, m'makadi, m'makalendala ndi m'masitolo a m'tauni monga a Kandodo ndi PTC. Mpaka lero malo ake ndi pakhomo pa sitolo yaikulu ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, kumene mnyamata wina amavala ndevu za thonje, thukuta lili kamukamu, akuliza belu kuti anthu alowe. Kumudzi Khirisimasi inatenga njira ina: mapemphero a usiku, makwaya, sewero la kubadwa kwa Yesu limene ana amavala nsalu za amayi awo kukhala abusa, kenaka mpunga wa nkhuku ndi chovala chatsopano kwa amene akwanitsa. Ana oyenda khomo ndi khomo kupempha "Khirisimasi bokosi" akutsata mwambo wa Angerezi wopatsa antchito kabokosi ka mphatso pa 26 Disembala, ndipo amapempha kwa munthu wooneka ndi maso, osati kwa wolowera pa chumuni. Ndiponsotu nyumba zambiri za kumudzi zilibe chumuni.

Ngati tifuna wobweretsa mphatso weniweni m'mbiri ya Malawi, timupeza pa siteji ya basi. Kwa zaka zambiri amuna a ku Rumphi, Mzimba, Nkhata Bay ndi maboma ena ankapita kumigodi ya ku Joni, ku Salisbury ndi ku Copperbelt. Wobwerera kumudzi ankatsika ndi sutikesi yachitsulo, m'kati muli mabulangete, nsalu, nsapato ndi shuga, mwina njinga kapena wailesi ili pambali, ndipo mudzi wonse unkasonkhana kudzaona. Katunduyo anali wa m'sitolo ndithu, koma aliyense ankadziwa thukuta limene linamugula. Ena sankabwerako, ndipo ankatchedwa matchona. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene anali pa ulendo wobwerera kwawo, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Kulembako kunayambanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, n'kudzatha mu 1988. Masiku ano mabasi ochokera ku Johannesburg amadzaza mu Disembala, ngolo za kumbuyo zitasenza zikwama, ndipo amene sanathe kubwera amatumiza ndalama pa foni, kuti amayi agawe okha: ina ya nkhuku, ina ya feteleza, yotsala ya fizi ya mu Januwale.