Oimba Jazi a Kwathu ndi Liwu la Mwini Wake

Aliyense amene anakulira m'midzi ya ku Dowa kapena m'mapiri a Ntchisi adziwa kuti ng'oma ili ndi mwini wake. Ikalira usiku kutsidya kwa dambo, akuluakulu sachita kufunsa kuti akuimba ndani. Amangotchera khutu pang'ono natchula dzina la woimbayo, pakuti dzanja la munthu limamveka m'ng'oma monga momwe phazi lake lidziwikira m'fumbi. Chinthu chomwechi ndicho chimene okonda nyimbo za jazi amachiyesa chamtengo kupambana zonse. Kwa iwo woimba sayesedwa wokhwima chifukwa zala zake zili ndi liwiro, kapena chifukwa adziwa nyimbo zambiri, koma pamene omvera angathe kumzindikira ali chitsinzinire. M'nkhani ino ndifuna kuti inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi muone m'mene oimba ena a dziko lathu analipezera liwu lotere, ngakhale anaimbira zipangizo zimene makolo athu sanazidziwe.

Jazi inabadwira ku New Orleans, m'dziko la America, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, pakati pa zidzukulu za akapolo otengedwa ku Africa. Malipenga amene anthu aja anaimbira anali a asilikali, osulidwa kuti alire mofanana onse pa perete. Koma Louis Armstrong, amene anabadwa mu 1901, analiza lake ngati munthu wolankhula, ndipo mawu ake osasa aja, amene mphunzitsi wa kwaya akadawakana tsiku loyamba, ndiwo anamdziwitsa kwa mitundu yonse. Ife a kuno sitiyenera kudabwa nazo. Asilikali athu atabwerako ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, anyamata a m'midzi anatengera perete wa Azungu, napanga malipenga a mphonda amene ambiri amawatcha badza, ndipo gule wa mganda amene timamuonera ku Mponela nthawi ya chilimwe sali wa Mzungu konse ayi.

Tsono jazi sinafike kuno molunjika kuchokera ku America. Inadzera kumwera, m'masutikesi a amuna opita ku migodi ya Johannesburg pa Wenela ndi ku mapulazi a Rhodesia pa Mthandizi, amene ankabwera ndi galamafoni, mbale zake, banjo kapena gitala. Inadzeranso pa wailesi ya ku Lusaka, makamaka kuyambira 1949 pamene kunatuluka wailesi yotsika mtengo yooneka ngati sefuliya. M'mbale zimenezo munali nyimbo monga Skokiaan ya August Musarurwa wa ku Bulawayo, imene Armstrong mwini anaijambulanso mu 1954, ndiponso munali kwela, nyimbo ya anyamata a m'misewu ya Johannesburg yoimbidwa ndi chitoliro chachitsulo cha mabowo asanu ndi limodzi, imene Spokes Mashiyane anatchuka nayo. Kuyambira pamenepo gulu lililonse la anyamata okhala ndi banjo ya chigubu, ng'oma yoponda ndi phazi ndi babatoni wa nsambo imodzi linayamba kudzitcha gulu la jazi. Alipo ophunzira ena amene amati dzinali analibereka molakwa. Ine sindigwirizana nawo, pakuti chimene anyamatawo anatola ndicho mtima weniweni wa jazi, ndiko kuti woimba atenge nyimbo yodziwika ndi kuipota monga afunira pa nthawi yomweyo.

Pakati pa onsewo, amene tiyenera kukhalitsa pa iwo ndi abale awiri a m'mudzi mwa Singano ku Chileka, Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald. Atate awo, a James Kachamba, nawonso anali oimba gitala, ndipo banja linakhala zaka zingapo ku Salisbury, kumene lero timati Harare, m'masiku amene kwela anali pakamwa pa aliyense. Anawo anabwerera kwawo ali ndi nyimbozo m'makutu. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Vienna, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba m'tauni ya Blantyre, nawajambula, ndipo mu 1972 anakaimba ku Ulaya. Mu 1974 kunasindikizidwa buku lonena za gulu lawo, chinthu chimene chinali chisanachitikire anyamata oimba m'misewu a dziko lino.

Funso ndi ili: nanga popeza kwela anali wa ku Johannesburg, chinawasiyanitsa abalewa ndi eni ake n'chiyani? Yankho lili m'kagwiridwe ka zipangizo. Gitala imachoka kusitolo ili ndi nsambo zisanu ndi imodzi. Daniel, amene anabadwa mu 1947, ankachotsapo imodzi natsala ndi zisanu, nazikunga m'njira zingapo zimene anazipatsa maina akeake. Ankaimba ndi zala ziwiri, chachikulu ndi chamkombaphala: chachikulu chinkayendetsa nsambo zokhuthala monga ng'oma yaikulu igwirira gule, pamene chinzakecho chinkayankha pa nsambo zowonda, ndipo pamwamba pa ziwirizi pankabwera mawu ake. Motero womvera pa wailesi ankayesa kuti akuimba anthu awiri kapena atatu, chonsecho ndi munthu mmodzi. Kaimbidwe kameneka sikachokera m'buku lililonse la gitala. Ndi kayankhidwe komwe kaja ka amayi awiri osinja pa mtondo umodzi, amene misi yawo imalowerana osagundana, kapena ka anthu oimba mangolongondo moyang'anana. Akadzaimba sinjonjo, kapena lumba yochokera ku Congo, dzanja linali lomwelo, ndipo anthu sanachedwe kumtcha Dokotala Kachamba.

Donald anali wa chitoliro. Mwana wa sukulu akapatsidwa chitoliro chotere amaika nsonga yake pa milomo nauzira, ndipo chimalira mopyapyala ngati wezulo. Oimba kwela sankatero, ndipo Donald anaposa ambiri pa luso limeneli: ankachilowetsa m'kamwa mopendeka, chakutsaya, kufikira milomo itaphimba pang'ono kazenera kotulukira mpweya. Pakutero liwu linkakula, nkukhala lonenepa, ndipo posuntha mlomo kapena kutsegula bowo mwatheka ankatha kulitsitsa kapena kulikweza pang'ono, kuti ligwere pakati pa makwerero a do, re, mi, pamalo pamene limba la m'tchalitchi silingafike. Pamalo pamenepo ndi pamene oimba jazi a ku America amaikapo chisoni chawo, ndipo amayi athu amafikaponso poimba nyimbo za maliro. Daniel anamwalira mu 1987. Donald anayenda maiko ambiri, ndipo mu 1999 anaitanidwa kukaphunzitsa ophunzira a pa yunivesite ku Los Angeles, asanamwalire mu January 2001. Gulu lake linapitiriza kuimba, chitoliro chili m'manja mwa Sinosi Mlendo, pamodzi ndi Moya Aliya Malamusi amene wasonkhanitsa nyimbo ndi nthano zambiri ku Chileka komweko.

Pano ndipatuke pang'ono ndilankhule nanu za m'kalasi. Pophunzitsa nyimbo timafuna kuti ana makumi asanu ndi limodzi atulutse liwu limodzi, ndipo n'koyenera, chifukwa kwaya siyenda popanda kumverana. Koma m'kalasi iliyonse mudzapezamo mwana amene amalowa mochedwa pang'ono mwadala, kapena amakoka liwu lotsiriza monga amachitira agogo ake. Musafulumire kunena kuti waphonya. Yambani mwamuimbitsa yekha kawiri: akaphonya mosiyanasiyana, ndiye kuti khutu lake lifuna thandizo, koma akabwereza chimodzimodzi nthawi zonse, chimenecho wachisankha yekha, ndipo chibwano chanu chisakhale cholemera pa iye.

Alan Namoko wa ku Thyolo, amene anali wakhungu ndipo anamwalira mu 1995, anali wa mtundu wina. Banjo yake inkalira mokhadzula, mawu ake anali okalipa ngati a munthu wodandaula pabwalo la milandu, ndipo gulu lake la Chimvu Jazz linalibe chipangizo chamagetsi. Amene anamvapo Lameki pa wailesi ya MBC sangamsokoneze ndi wina.

M'badwo wotsatira unaimba jazi imene ngakhale ophunzira okana aja sangaikane. Ray Phiri, mwana wa Mmalawi wopita kukagwira ntchito ku South Africa, anatsogolera gulu la Stimela, ndipo gitala yake yodumphadumpha ndiyo imamveka m'chimbale cha Graceland cha Paul Simon cha mu 1986. Wambali Mkandawire, amene anakulira ku Mlowe m'boma la Rumphi, anaika malipenga ndi piyano pansi pa Chitumbuka ndi kagundidwe ka ng'oma za kwawo, makamaka m'chimbale cha Zani Muwone cha mu 2002. Iye ankayamba mzere motsitsa ngati mkulu wolangiza mwana, kenaka nkuukweza mwadzidzidzi monga achitira wotsogolera nyimbo pa gule. Anamwalira mu January 2021. Erik Paliani anapita ku Johannesburg ndi gitala, nakonza chimbale choyamba cha Zamajobe mu 2004, ndipo pambuyo pake Hugh Masekela, amene analiza lipenga zaka zoposa makumi asanu, anamkhulupirira mnyamata wa ku Malawi ameneyu kuti amkonzere chimbale cha Phola. Ulendo wa nyimbo unali utatembenuka: zimene agogo anatenga ku Johannesburg m'sutikesi, mdzukulu anapita nazo komweko zitasanduka zina. Pamene Paliani anatulutsa chimbale chakechake mu 2010, anachitcha dzina la Chichewa, Chitukutuku, ndipo pa khutu langa nsambo zake zokhuthala zimayenda monga zinkayendera za Daniel Kachamba.