Chizungulire

Mawuwa achokera ku mneni woti kuzungulira. Komatu chimene chimazungulira si munthuyo ayi. Iye waima chilili, koma nyumba, mitengo ndi nthaka n'zimene zikuoneka ngati zikuthamanga momuzinga.

Ana a ku Kawale kapena ku Chinsapo amachidziwa bwino. Amatambasula manja pabwalo lafumbi, n'kuyamba kupota ngati nguli, kenaka n'kuima mwadzidzidzi. Akangoponya phazi, dzandidzandi, khu! pansi, anzawo n'kufa nazo nseko. M'kati mwa khutu muli timachubu titatu tokhota, todzadza ndi timadzi. Mwana akaima, timadzito timapitirizabe kuyenda kwa kanthawi, choncho khutu limauza ubongo kuti ulendo ukadalipo pamene miyendo yaleka kale.

Chodabwitsa n'chakuti akuluakulu amachita kugula chizungulire chomwechi ndi ndalama. Amalawi okhala ku Joni amadziwa za Gold Reef City, kumene anthu amamangiriridwa pamipando ya kasitima kothamanga pa njanji yokwera, yotsika ndi yopindika. M'malo ena achisangalalo, mpandowo umapotanso pawokha kasitimako kali pa liwiro. Ine katungwe wa pamtengo wa mango amandikwanira.

Tisasokoneze ndi kuzunguzika, kumene ndi kusokonekera maganizo, ngakhale muzu wake ndi umodzi. Ena amati mawu oti mzungu anachokeranso komweko, poti azungu oyamba ankangozungulira dziko.

Mayi akanena kuti “ndikumva chizungulire” asanapote, si masewera. Mwina ndi njala, malungo kapena kuchepa kwa magazi. Mukhazikeni pansi, ndipo chikapitirira mupite naye kuchipatala.