Nyengo ikawononga, alipire ndani?

Mukamamvera nkhani za nyengo pa wailesi, pali mawu atatu a Cipwitikizi amene amabwera kawirikawiri: mitigação, adaptação, ndi perdas e danos. Musawaope. Onsewa akukamba za mvula, munda wanu ndi denga la nyumba yanu.

Tiyambe ndi gwero la vuto. Anthu akawotcha malasha, petulo, dizilo ndi gasi, mpweya wa kaboni umakwera kumwamba. Mpweyawu umasunga kutentha monga mmene bulangeti limacitira. Dziko likatentha, madzi a m'nyanja nawonso amatentha, ndipo namondwe amabwera ndi mvula yoculuka. Kwina mvula imacedwa, cimanga n'kupserera cisanabereke.

Mitigação ndi kucepetsa mpweya umenewu: kuwotcha malasha ocepa, kusunga nkhalango, kupanga magetsi ndi dzuwa kapena madzi monga ku Cahora Bassa. Mu 2015, ku Paris, mayiko anagwirizana kuti kutentha kwa dziko kusawonjezeke kufika madigiri 2, ndipo ayesetse kuti kuime pa 1,5.

Adaptação ndi kusintha kakhalidwe kuti nyengo yatsopanoyi isatipweteke kwambiri. Izi mumazidziwa kale. Kubzala mapira kapena cinangwa pambali pa cimanga, kumanga nyumba pamtunda m'malo mwa m'mphepete mwa mtsinje, kumvera cenjezo la INGD madzi asanafike.

Koma pali zina zimene kukonzekera sikungateteze. Apa ndi pamene pali mawu acitatu, perdas e danos, kutanthauza zotayika ndi zowonongeka. Mu 2019 namondwe Idai anagwetsa mzinda wa Beira ndi kupha anthu oposa 600 m'dziko muno. Patangopita milungu 6, Kenneth anafika ku Cabo Delgado. Mu 2022 Ana anagumula mlatho pa mtsinje wa Revúbuè ku Tete. Mu 2023 Freddy analowa kawiri, kaciwiri kudzera ku Quelimane, n'kupitirira kukapha abale athu mazanamazana ku Malawi. Mlatho umamangidwanso ngati ndalama zapezeka. Nanga mwana amene anapita ndi madzi? Nanga manda a makolo amene anakokoloka?

Tsopano funso la cilungamo. Afirika yense amatulutsa gawo losafika 4 pa magawo 100 a mpweya wa kaboni wa dziko lonse. Woculuka unacokera ku mafakitale ndi magalimoto a ku Ulaya ndi America kwa zaka zoposa 100, ndipo lero China ndiye akutulutsa wambiri. Kumudzi, ng'ombe za munthu zikadya m'munda mwa mnzake, mwini ng'ombe amalipira. Sanena kuti akuthandiza, ndipo sabwereketsa. Cilungamo ca nyengo n'comweco: wowononga kwambiri alipire kwambiri.

Mayiko olemera anavomera mbali ina. Mu 2009, ku Copenhagen, analonjeza madola 100 biliyoni caka ciliconse pofika 2020. Ndalamazo zinakwana mocedwa, mu 2022, ndipo zambiri zinali ngongole. Mu 2022 momwemo, ku Egypt, anavomera kukhazikitsa thumba la zotayika ndi zowonongeka. Caka cotsatira ku Dubai malonjezo a thumbali anafika pafupifupi madola 700 miliyoni. Yerekezani: kukonzanso zimene Idai ndi Kenneth anawononga kuno kokha kunkafuna madola 3,2 biliyoni. Ndipo pambuyo pa Idai, madola 118 miliyoni amene dziko lathu linalandira ku FMI anali obwereka. Kunena zoona, uku n'kumubwereketsa munthu ndalama zomangira nyumba imene iwe wawotcha.

Ifenso tili ndi mafunso athu. Malasha a ku Moatize amakwera sitima kupita kudoko kuti akawotchedwe kunja. Makala amene timaphikira akumaliza mitengo. Koma mayi wogulitsa thumba la makala kuti agulire ana makope sangaikidwe pa mlandu umodzi ndi fakitale. Ndipo ndalama zikafika m'dziko, cilungamo cifikenso pansi: wa kumudzi alandire monga wa m'tauni, mkazi wamasiye monga m'bale wa mfumu.

Mukamva pa msonkhano kuti kwabwera ndalama za nyengo, kwezani dzanja mufunse. Kodi ndi mphatso kapena ngongole? Ndi zokonzekera kapena zolipira zowonongeka? Ndipo mayina a olandira alembedwa ndi yani?