Nyenyezi Zimene Zinkabweza Asodzi Kwawo

Mzinda wa Mzuzu ndi wadzana: unayamba m'zaka za m'ma 1940 ngati munda wa mitengo ya tung. Kale msewu waukulu wa chigawo chino unali nyanja. Atonga a ku Chintheche ndi Nkhata Bay, anthu a ku Usisya, a pa Chizumulu ndi Likoma ankaiyenda pa bwato losema, ndipo kuyambira m'ma 1840 zombo za matanga za Jumbe wa ku Nkhotakota zinkaoloka kupita kutsidya la kum'mawa zitanyamula minyanga ndi akapolo. Masana woyendetsa ankadalira mapiri monga Kandoli. Mdima ukameza mapiriwo ankatsala ndi mphepo, mafunde ndi thambo.

Chilankhulo chathu chikadasungabe umboni wake. Mbali zinayi za dziko timazitchula ndi maina a mphepo: kumwera, kumpoto, kuvuma ndi kuzambwe. Koma mphepo imatembenuka osatsazika, choncho wanzeru ankaitsimikiza ndi nyenyezi. Nyenyezi zitatu zondondozana, Akamwiniatsatana, zimatuluka kum'mawa kwenikweni ndi kulowa kumadzulo kwenikweni, ndipo pa nyanja yotalika kuchokera kumpoto kupita kumwera ngati yathuyi, wodziwa zimenezi wadziwa kumene kuli gombe. Nsangwe zikayamba kuoneka kum'mawa madzulo, cha mu Okutobala ndi Novembala, mlimi amasosa ndipo msodzi amayembekezera mpoto. Nthanda imalengeza kucha. Makolo ankatinso Mwezi uli ndi akazi awiri: Puikani wa kumadzulo amene amaudyetsa mpaka kunenepa, ndi Chekechani wa kum'mawa amene amaumana mpaka kuwonda. Asayansi amati awiriwa ndi Venus mmodzi yemweyo, koma mwana amene anamva nthanoyo sasokonezanso kumene mwezi watsopano umaonekera.

Dzina limene limandikoma koposa ndi Kumpotosimpita. Omasulira Buku Lopatulika la 1922 analiika pa Yobu 9:9, ndipo mwina pakadapanda iwo likadatayika. Likufotokoza lokha: nyenyezi za kumwera zimene sizisiya dera lawo. Zoonekera bwino mwa izo ndi zinayi zimene Azungu amati Southern Cross, ndipo zimakwera pamwamba madzulo a Meyi ndi Juni, nthawi yomwe mwera umayamba kuvuta. Nyenyezi ya kumpoto imene mabuku a ku Ulaya amaitama siioneka n'komwe kuno.

Nzeru imeneyi inkaphunzitsidwa m'bwato, usiku, mwana akupalasa ndipo amalume ake akuloza. Panalibe njira ina, pakuti nyenyezi iliyonse imatuluka mofulumirako ndi mphindi zinayi usiku uliwonse, ndipo thambo la Januwale si la Julayi. Kuti munthu alidziwe lonse ankayenera kuliyang'ana chaka chathunthu, kenaka chinanso.

Lero usipa timaugwira ndi chilimira, pa mdima wopanda mwezi, kutali ndi gombe kuposa kale. Siginala amakhala pakati pa nyali zowala kwambiri, ndipo diso limene lathobwa ndi nyali siliona nyenyezi msanga. Injini ikazima kapena foni ikatha moto, anyamata ena sadziwa kolozetsa bwato. Ndinafunsapo ophunzira anga a Fomu 3 kuti andilozere kumwera usiku. Ambiri ankatha kundalitchula mapulaneti onse m'Chingerezi, koma analoza mbali zosiyanasiyana. Sindiwadzudzula. Ife aphunzitsi ndife tinawapatsa thambo la m'buku, ndipo kuno ku Mzuzu magetsi ndi nkhungu zimabisa lenilenilo.

Anthu a ku Hawaii anafika poipa kuposa ife. Pofika m'ma 1970 analibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuoloka nyanja yamchere ndi nyenyezi. Anakapempha Mau Piailug wa pa chilumba chaching'ono cha Satawal, ndipo mu 1976 iye anayendetsa ngalawa ya Hōkūleʻa kuchokera ku Hawaii mpaka ku Tahiti, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000, popanda chida chilichonse. Chachikulu chimene anachita n'chakuti anavomera kuphunzitsa alendo nzeru imene kwawo inkasungidwa m'banja. Mu 1980 wophunzira wake, Nainoa Thompson, anayenda ulendo womwewo pa yekha monga woyendetsa.

Akuluakulu athu odziwa thambo akadalipo ku Usisya, ku Ruarwe, ku Likoma ndi m'madoko ena, ndipo ena a iwo ali nafe pa mwambo uno. Pempho langa kwa mafumu ndi atsogoleri a bungwe lathu n'lakuti maina a nyenyezi a Chitonga, Chitumbuka ndi Kyangonde alembedwe kuchokera pakamwa pawo, ndiponso kuti mu Juni, mwezi ukakhala pa mdima, titengere ana a sukulu ku gombe la Chikale, tizimitse nyali ndi mafoni, agogo aloze.