Belcanto, Nyumba Yodyeramo Yochuka ya mu Lisbon

Belcanto ndi nyumba yodyeramo yapamwamba imene ili m'dera la Chiado mu mzinda wa Lisbon, likulu la dziko la Portugal. Inatsegulidwa m'caka ca 1958 pafupi ndi nyumba ya zisudzo ndi nyimbo ya São Carlos. Dzina lake ndi mau a Citaliyana otanthauza kayimbidwe kokoma.

Mu 2012 katswiri wa zophikaphika, a José Avillez, anaitsegulanso ataikonza. Iwo anali ataphunzirako nchitoyi ku El Bulli, m'dziko la Spain, kwa a Ferran Adrià. Caka comweco Belcanto inalandira nyenyezi ya Michelin, ulemu umene buku la ku France limapereka kwa malo ophika bwino koposa. Mu 2014 inalandira nyenyezi yaciwiri, ndipo inakhala yoyamba mu Lisbon kufika pamenepo. Mu 2019 inasamukira pa mseu wa Serpa Pinto, m'dera lomwelo.

A Avillez amatenga zakudya zamakolo za Apwitikizi ndi kuziphika mwatsopano. Kamwana ka nkhumba koocha, kamene kamachuka m'dera la Bairrada, amakapereka ndi msuzi wa malalanje. Cakudya cochedwa Mergulho no Mar, kutanthauza kumira m'nyanja, ndi nsomba yophikidwa ndi ndere za m'nyanja yamcere. Palinso dzira lokutidwa ndi golide wodyedwa, loperekedwa ndi bowa.

Nyenyezi za Michelin zimaunikidwanso caka ndi caka ndipo zingathe kulandidwa, koma m'buku la 2025 Belcanto inali ikali nazo zonse ziwiri.