Bwalo la Anthu a ku Appenzell

Kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Switzerland, patsinde pa phiri lalitali lotchedwa Säntis, kuli kadziko kakang'ono dzina lake Appenzell Innerrhoden. Anthu ake angopitirira pang'ono 16,000, ndipo mwa zigawo zonse 26 za Switzerland palibe china cha anthu ochepa chotere. Chinkana achepa, ali ndi boma lawolawo, natumizanso aphungu awiri ku nyumba ya malamulo ku Bern.

Kalekale anthu amenewa, amene ambiri a iwo anali oweta ng'ombe, ankalamulidwa ndi mkulu wa amonke wa ku St. Gallen, napereka msonkho kwa iye. Msonkhowo utawalemera, anamuukira. M'chaka cha 1403 anagonjetsa ankhondo ake pa Vögelinsegg, ndipo mu 1405 anapirikitsa ankhondo a ku Austria amene anadza kudzamthandiza, pamalo potchedwa Stoss. Mu 1513 analandiridwa m'chigwirizano cha zigawo za Switzerland.

Pambuyo pake anayamba kukangana okhaokha chifukwa cha chipembedzo, pakuti ena anatsata Chiprotestanti, ena nakhalabe Akatolika. Mu 1597 anagawana dziko popanda kukhetsa mwazi, chinthu chosowa ndithu ku Ulaya masiku amenewo. Akatolika anatenga Innerrhoden, Aprotestanti natenga Ausserrhoden. Ku Ausserrhoden kunakula ntchito yoomba nsalu, ndipo lero anthu ake aposa a ku Innerrhoden koposa katatu.

Chimene chatchukitsa Innerrhoden ndicho bwalo lake lotchedwa Landsgemeinde. Chaka ndi chaka, kumapeto kwa April, tsiku Lamulungu, nzika zimasonkhana poyera pakati pa mudzi wa Appenzell kudzasankha akulu a boma ndi kuvomera kapena kukana malamulo. Munthu aliyense akhoza kukwera pansanja nalankhula. Tsono posankha saponya pepala m'bokosi ai, angotukula dzanja. Akulu amayang'ana mbali imene manja achuluka, ndipo akakayika mpamene awerenga anthu mmodzimmodzi. Msonkhano wotere ufuna mtima wolimba, popeza mnansi aona dzanja la mnzake, ndipo wangongole atukula lake pamaso pa amene anamkongoza.

Kwa zaka mazanamazana olowa m'bwalomo anali amuna okhaokha, ndipo chizindikiro cha ufulu wawo chinali lupanga la m'chiuno. Akazi ankaonerera ali kunja. Mu 1971 akazi a m'Switzerland yense analoledwa kusankha pa nkhani za dziko lonse, koma za m'chigawo zinatsala m'manja mwa eni ake. Amuna a ku Innerrhoden anakana kulowetsa akazi awo mu 1973, nakananso mu 1982. Abale awo a ku Ausserrhoden anavomera mu 1989, koma iwo mu April 1990 anakana kachitatu. Nzodabwitsa kuti zidzukulu za anthu aja anamenya nkhondo pokana kulamulidwa osafunsidwa ndizo zinaumira mtima chomwechi amayi awo ndi alongo awo.

Mayi wina, Theresia Rohner, anatengera mlanduwo ku bwalo lalikulu la milandu ku Lausanne. Pa 27 November 1990 oweruza anagamula kuti mawu akuti Landleute, ndiko kuti anthu a m'dziko, olembedwa m'malamulo a chigawocho, anena amuna ndi akazi omwe. Motero pa 28 April 1991 akazi analowa m'bwalo koyamba, atanyamula chikalata m'malo mwa lupanga, ndipo Innerrhoden chinakhala chigawo chotsiriza kutero m'Switzerland monse.

Ausserrhoden anathetsa bwalo lake mu 1997, ndipo lero zigawo zosungabe mwambowu zatsala ziwiri, Innerrhoden ndi Glarus. Mu 1996 bwalo la ku Appenzell linasankha mayi Ruth Metzler kukhala woyang'anira chuma cha chigawo, ndipo mu 1999 mayi yemweyo anasankhidwa kukhala mmodzi wa nduna 7 zolamulira dziko lonse la Switzerland.